Galimoto yakale ili pa recall: kodi n'koyenera kukwera nayo ku Blantyre?

Galimoto zambiri zomwe zikuyenda pakati pa Thabwa, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje zinachoka ku Japan zitagwira kale ntchito zaka zingapo. Zina mwa izo kampani yake inaziitanitsa kuti zikakonzedwe, mwini woyamba osapita nazo, ndipo kalata yoitanayo inatsalira konko galimoto itakwera sitima. Kuitanitsa kumeneku ndiko amati recall: kampani yavomera kuti chipangizo china chinatuluka m'fakitale chili ndi vuto loti lingavulaze munthu, ndiye ikuchisintha. Si sevisi ayi. Mutha kumasintha oyilo pa nthawi yake zaka zonse, vuto lija lili chikhalire.

Ambiri amati, "Yayenda zaka 15 osavuta, ndiisiye choncho." Pa zinthu zina maganizo amenewa ndi omveka. Pa airbag (thumba lofufuma loteteza munthu pa ngozi) ya kampani ya Takata ndi olakwika kotheratu, chifukwa ukalamba wa galimotoyo ndiye gwero la ngozi.

Mkati mwa chiwongolero, komanso m'dashibodi mbali ya wokwera, muli kachitini kachitsulo komwe kamafufumitsa thumba la airbag galimoto ikawombana. Takata inkaikamo timibulu ta ammonium nitrate, mankhwala omwenso amapezeka mu feteleza. Aliyense amene anasiyapo thumba la feteleza pansi ponyowa akudziwa momwe amakokera chinyontho n'kusintha maonekedwe. M'kachitinimo zimachitikanso: masana kutentha, usiku kuzizira, chinyontho n'kumalowa pang'onopang'ono, timibulu tija n'kuyamba kuchita timing'alu ndi timabowo. Zikatero timibuluto timayaka mofulumira kuposa muyeso, kachitini n'kung'ambika, zidutswa zachitsulo n'kuthamangira kumaso ndi pakhosi pa munthu. Ngozi yaing'ono yongophwanya bampa imatha kupha dalaivala yemwe akanatuluka bwinobwino.

Honda inayamba kuitanitsa galimoto pa vutoli mu 2008, nkhani n'kukula mpaka ma airbag pafupifupi 100 miliyoni padziko lonse, ndipo Takata inagwa mu 2017. Imfa zambiri zinachitika kumadera otentha ndi achinyontho, monga kummwera kwa dziko la America ndi ku Malaysia. Kafukufuku wa ku America anapeza kuti kumadera otere mankhwalawa amayamba kuwonongeka pakatha zaka 6 mpaka 9, pamene kozizira zimatenga nthawi yotalikirapo. Tsono ganizirani kuno kuchigwa, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, galimoto itaima padzuwa magalasi otseka, kenako dzinja n'kubwera ndi chinyontho cha Shire ndi madambo ake. Galimoto yomwe inalowa madzi nthawi ya namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023 ndiyo ikhale yoyamba kuunikidwa.

Nyali ya airbag pa dashibodi isakunamizeni. Imayeza mawaya ndi magetsi basi, siiona zomwe zikuchitika m'kachitini. Ndi chimodzimodzi COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu: amaona mabuleki, matayala ndi magetsi, satsegula chiwongolero.

Vutoli linakhudza zina mwa Honda Fit, Toyota Vitz ndi Corolla, Mazda Demio ndi Nissan X-Trail, koma dzina la galimoto palokha silikuuzani kanthu. Chofunika ndi nambala ya chassis. Ili mu blue book, komanso inadindidwa pa chitsulo mkati mwa boneti kapena pansi pa mpando wakutsogolo. Yerekezani ziwirizo, chifukwa zolemba nthawi zina zimaphonya. Ya ku Japan imaoneka ngati KSP90 kapena GE6, kamzere, kenako manambala 6 kapena 7. Yochokera ku South Africa kapena ku UK imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Makampani a ku Japan ali ndi malo pa intaneti polembapo nambalayi. Ndi a m'Chijapani, koma foni imamasulira. Kuti galimoto inachoka ku Japan posachedwa si umboni woti inakonzedwa. Kuyambira mu Meyi 2018 boma la kumeneko linayamba kukana kupereka chiphaso choyendera kwa galimoto zina zosakonzedwa, koma yomwe ikugulitsidwa kunja sifuna chiphaso chimenecho.

Mukapeza kuti ili pamndandanda, imbani kaye foni kwa dila wa mtundu wa galimoto yanu ku Blantyre musanayatse injini. Mpatseni nambala ya chassis, afufuze. Funsani ngati amakonza galimoto zomwe zinabwera zogwiritsidwa kale ntchito, ngati chipangizocho chilipo kapena achita kuitanitsa, komanso ngati pali chilichonse cholipira. Mwachizolowezi recall imakhala yaulere, koma mafuta ochokera ku Nsanje ndi anu, ndiye musakwere mapiri kukangouzidwa kuti mubwerenso mwezi wamawa. Ntchito ya mbali ya dalaivala imatenga pafupifupi ola limodzi. Ya wokwera imachedwerapo chifukwa amamasula mbali ya dashibodi, ndipo mapulasitiki opsa ndi dzuwa la kuno sachedwa kuthyoka. Polandira galimoto yang'anani kuti zonse zamangidwa bwino, hutala ikulira, nyali ya airbag ikuyaka masekondi ochepa n'kuzima. Tengani pepala losonyeza zomwe asintha.

Njira zachidule ziwiri muzipewe. Airbag ya pa galimoto yophwasulidwa ndi yamsinkhu womwewo ndi yanu, mwinanso inakhala pamvula. Ndipo makaniko wochotsa airbag n'kuika ka resistor, kachipangizo konamiza kompyuta, kuti nyali izime wangokubisirani kuti mulibe chitetezo. Ntchito imeneyi si yongoyesa: ngakhale batire itachotsedwa, kompyuta ya airbag imasungabe magetsi, n'chifukwa chake odziwa amadikira masekondi osachepera 90 asanagwire mawaya achikasu. Podikira chipangizo, ngati vuto lili mbali ya wokwera, kutsogolo kusakhale munthu. A mataksi amene mumapanikiza anthu awiri pampando umenewo, nkhaniyi ndi yanu. Likakhala mbali ya dalaivala palibe pothawira, galimoto iziyenda pokhapokha pofunikira.

Ma recall ena afunseni funso limodzi: chinthuchi chikalephera, chichitike n'chiyani? Mu 2012 Toyota inaitanitsa galimoto zoposa 7 miliyoni chifukwa cha switch ya magalasi ya pa chitseko cha dalaivala, yomwe inkatha kutentha mpaka kufuka utsi. Ikayamba kulimba musapoperemo mafuta ofewetsa, mungawonjezere vuto. Mu 2014 galimoto za Toyota Prius zokwana 1.9 miliyoni zinafunika pulogalamu yatsopano ya kompyuta chifukwa inverter, chipangizo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse galimoto, inkatentha galimoto ikamakoka kwambiri, mphamvu n'kutha mwadzidzidzi. Pokwera mapiri a ku Chikwawa, thiraki ili pambuyo, imeneyo si nkhani yozengereza. Zokhudza mabuleki, chiwongolero, mafuta ndi moto zili m'gulu lomwelo. Zing'onozing'ono zitha kudikira tsiku lomwe muli ndi ulendo wa ku Blantyre.

Za pulogalamu, dziwani kuti akaika yatsopano kawirikawiri sabwezeretsanso yakale, ndipo magetsi akatsika ntchito ili mkati kompyuta imatha kuwonongeka. Mabatire kuno amafa msanga ndi kutentha, choncho auzeni ayeze batire kaye, ndipo ngati ndi yofooka alumikize chaja asanayambe.