Mayi woyembekezera amene alibe pokhala pokhazikika

Kuno ku Zomba, mayi woyembekezera wosowa pokhala sitimupeza kawirikawiri atagona pakhonde la sitolo. Ife azaumoyo timakumana naye kusikelo ya amayi apakati atavala bwinobwino, ndipo vuto lake limadziwika mzamba akafunsa kumene akukhala, iye n'kuyankha kuti mwezi watha anali kwa mnzake ku Chinamwali, lero ali kwa azakhali ku Chikanda, koma akumeneko anena kuti malo achepa. Ena anathamangitsidwa ndi makolo mimba itadziwika, ena anathawa nkhanza za mwamuna, ena anatulutsidwa m'nyumba ya lendi, ndipo ena madzi anawagwetsera nyumba, monga zinachitikira mabanja ambiri m'madera ozungulira nyanja ya Chilwa pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023.

Chimene kusamukasamuka kumawononga koyamba ndi ndondomeko ya sikelo. Kuyambira mu 2016, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe ndi achipatala kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, chifukwa chithandizo chake chimaperekedwa motsatizana. Mankhwala a Fansidar oteteza ku malungo amayamba miyezi itatu yoyambirira ikatha, ndipo amabwerezedwa pakadutsa mwezi, katatu kapena kuposerapo. Mapiritsi owonjezera magazi ndi a tsiku ndi tsiku. Mayi wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV nthawi yomweyo, njira imene Malawi anayamba kutsata mu 2011, koma amene akugona m'nyumba ya eni amabisa botolo poopa kunyozedwa kapena kuthamangitsidwanso, motero amadumphitsa masiku, ndipo chiopsezo chopatsira mwana chimakula. Neti imene timamupatsa imakhala yopindidwa m'chikwama, popeza wogona pabalaza pa anthu ena alibe pomangirira.

N'chifukwa chake ndimalimbikira za kabuku ka kuchipatala. Mayi aziyenda nako kulikonse, atakakulunga m'pepala la pulasitiki, chifukwa ngakhale atayambira sikelo ku Matawale n'kukapitiriza ku Domasi, mzamba wakumeneko adzaona mankhwala amene analandira kale ndi mmene magazi ake akhala akuthamangira. Kusowa mwamuna womuperekeza, kapena kusowa zitenje, beseni ndi lezala, si chifukwa chokhalira kunyumba, ndipo kwa ine n'kulakwa kwakukulu ife azaumoyo tikamabweza mayi pa zifukwa zotere, poti amene wabwezedwa kamodzi sabweranso mpaka matenda atayamba.

Malo odikirira amene ali pa zipatala zina amathandiza m'masabata omaliza, koma kumeneko mayi amafunika chakudya, nkhuni ndi womudikirira. Apa ndi pamene amayi a mvano, magulu a kumzikiti ndi anansi angathandize m'njira yooneka, pogawana masiku obweretsa ufa ndi ndiwo. Funso lovuta kwambiri limabwera akachira: apita kuti ndi khanda? Masiku a m'chikuta ndi oopsa kwa onse awiri, chifukwa mayi akhoza kutaya magazi kapena kutentha thupi, pamene mwana, makamaka wobadwa wochepa thupi, amazizidwa msanga ndipo mchombo wake umagwira matenda mosavuta pamalo opanda madzi aukhondo. Choncho nkhani ya kumene akagone iyenera kukambidwa mimba isanafike miyezi isanu ndi itatu, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo atadziwitsidwa kuti akawayendere.

Amene anathawa nkhanza akhoza kupita ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yolamula kuti wozunzidwa akhale m'nyumbamo, wozunzayo ndiye atuluke. Ngati wina akubwera kusikelo atanyamula katundu wake yense, mufunseni pambali, osati pagulu, kumene agone usiku umenewo.