Chidole chichite zochepa, mwana achite zambiri

Makolo ambiri akaima pa shelefu ya zidole, maso amathamangira ku chija chothwanima magetsi, choimba ABC, cholembedwa pakatoni kuti chimanola ubongo wa mwana. Mtengo wakenso umakhala wokwera ndithu. Pa ntchito yanga yophunzitsa ana a mkombaphala, funso lomwe ndimapempha makolo kudzifunsa asanatulutse ndalama ndi ili: pa sewero limeneli, amene akugwira ntchito ndani, mwana kapena chidole?

Chidole cha mabatire chimachita zonse chokha. Mwana akadina batani chimaimba, akadinanso chimaimba nyimbo yomweyo, ndipo posakhalitsa chili pansi pa bedi. Koma mupatseni timatabwa, zitsekerero za mabotolo akuluakulu kapena dongo. Lero amanga nyumba, mawa khola la mbuzi, mkuja minibasi yodzaza anthu opita ku Limbe. Akamasanja timatabwa n'kugwa, amaphunzira kuti chachikulu chimakhala pansi, amawerenga, amalinganiza, amaphunzira kupirira zinthu zikakanika. Friedrich Froebel, amene anayambitsa sukulu za ana aang'ono ku Germany m'zaka za m'ma 1830, ankapatsa ana timipira tofewa ndi timatabwa, ndipo mpaka lero timatabwa sitinathe ntchito m'sukulu za mkombaphala.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Anna Sosa wa ku Northern Arizona University anajambula mawu a makolo akusewera ndi ana a miyezi 10 mpaka 16, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zaumoyo wa ana ya JAMA Pediatrics mu 2016. Pa zidole zamagetsi makolo ankayankhula mawu ochepa, kuyankhana pakati pa kholo ndi mwana kunkachepanso, poyerekeza ndi pamene ankagwiritsa ntchito mabuku kapena zidole wamba. Chidole chikamayankhula, kholo limakhala chete. Komatu mwana amaphunzira kuyankhula kwa munthu amene akumuyang'ana m'maso ndi kumuyankha. N'chifukwa chake foni ya amayi siyingalowe m'malo mwa zoseweretsa. Bungwe la WHO linalangiza mu 2019 kuti ana osakwana zaka 2 asamaonetsedwe makanema, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Kuchuluka kwa zidole nako sikuthandiza monga timaganizira. Ofufuza a ku University of Toledo anapatsa ana a miyezi 18 mpaka 30 zidole 4 ulendo wina, ndi zidole 16 ulendo wina. Pa zidole 4 ana ankakhalitsa pa chidole chimodzi ndipo ankachiseweretsa m'njira zosiyanasiyana. Ngati achibale a ku Joni akutumizirani thumba lodzaza, bisani zina, muzitulutsa pang'onopang'ono.

Msinkhu ndiwo umatsogolera. Khanda limafuna chogwira, chogwedeza ndi choluma. Wazaka 1 mpaka 3 amakonda kukoka, kukankha, kuthira ndi kukhuthula; makapu apulasitiki ndi beseni la mchenga zimamukwanira. Kuyambira zaka 3 masanje amayamba, ndipo apa timiphika, kachitenje kobereka nako chidole ndi makatoni ndi chuma. M'masanje mwana amaphunzira kugawana maudindo, kudikira mnzake ndi kukambirana akasemphana maganizo. Anyamata nawonso asiyeni abereke chidole ndi kuphika, sizingawachotsere kanthu.

Akamakula, musaderere zathu zija. Mnyamata wopinda galimoto ya waya amayeza, amalinganiza mateyala, amapeza njira yoti chiwongolero chikhotetse matayala akutsogolo. Palibe galimoto yogula yomwe ingamuphunzitse zimenezo. Bawo ndi masamu enieni: kuwerenga, kugawa nkhomo m'mabowo ndi kuganiza zimene mnzako achite. Phada amagwirizanitsa maso ndi manja. Pa galimoto ya waya ija, ingopindani nsonga za waya kuti zisabaye.

Pa chitetezo ndiye sindinyengerera. Mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa. Tengani kachikatoni ka m'kati mwa tishu: chinthu chilichonse chimene chikulowa m'menemo chikhoza kumutsamwitsa. Mikanda, mabo, maso a zidole omata ndi guluu, zidutswa za mabaluni ophulika, zonsezi zitalikirane naye. Kokani maso ndi mabatani a chidole musanagule, zikagwedera, chisiyeni. Zingwe zazitali zimatha kukulunga khosi. Chidole chimene penti yake ikukanganuka chitayeni, chifukwa penti ina imakhala ndi mtovu wotchedwa lead umene umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Vutoli si la zidole zotchipa zokha: mu 2007 kampani yaikulu ya Mattel inabweza zidole zambirimbiri kuchokera m'masitolo chifukwa cha penti yotereyi.

Za kaunjika sizoipa, ndipo nthawi zina mumapezamo zolimba kuposa za m'sitolo. Vuto lake n'lakuti zimabwera zopanda katoni, ndiye chizindikiro cha msinkhu woyenera palibe. Muyenera kuweruza nokha. Zichapeni ndi sopo, muziyanike padzuwa.

Choopsa kwambiri ndi timabatire tating'ono tozungulira ngati ndalama yachitsulo, ndi timaginito. Maginito awiri akamezedwa amakokana m'matumbo n'kuboola. Kabatire kakakamira pakhosi kamatha kuwotcha kummero m'maola 2 okha, mwana akuoneka ngati ali bwino. Onetsetsani kuti chotsekera mabatire n'chomanga ndi sikuluu. Mukakayikira kuti mwana wameza, musamusanzitse, musadikire kuti kuche. Thamangani naye kuchipatala, ndipo muwauze madokotala kuti mukuganizira batire kuti amujambule msanga.