Msewu sufuna magazi a munthu

Pamaliro ku Mbare kapena ku Mufakose, madera a mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, munthu akagundidwa ndi galimoto pa Simon Mazorodze Road, akuluakulu ena amanong'onezana kuti msewuwo umafuna magazi, kapena kuti malemuyo anachita kulodzedwa. Chisoni chawocho ndimachimvetsa, koma zimenezi sizoona.

Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 m'sekondi imodzi yokha, dalaivala asanaponde n'komwe buleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene imayendabe ataponda buleki umachuluka kanayi. Ndiye taganizirani kombi (minibasi) ikulimbirana anthu chisisira, matayala ake akuthaitha, maloboti azima chifukwa magetsi apita, ndipo mayi akuwoloka atasenza dengu la tomato, atavala zakuda. Dalaivala amawaona mochedwa, akaponda buleki galimotoyo imangotsetsereka mpaka kuwagunda.