Yankho loyamba ndi limene limatitsekera njira

Tayesani kaye kasamu aka. Muli ndi zigubu zitatu, cha malita 21, cha 127 ndi cha 3, ndipo akuti mutunge malita 100 ndendende popanda chopimira china. Mukaganiza pang'ono mupeza: dzazani chachikulucho, muthireko mu cha 21 kamodzi, kenako mu cha 3 kawiri, atsala 100. Bho. Ndiye ndikupatseni masamu ena angapo oyenda chimodzimodzi mpaka mutu uzolowere, kenako ndibwere ndi zigubu za 23, 49 ndi 3 n'kunena kuti ndikufuna malita 20. Ambirife tithamangira 49 kuchotsa 23 kuchotsa 3 kawiri, ndipo 20 ituluka ndithu. Koma taonaninso. 23 kuchotsa 3, basi yatha, cha 49 chija sichimafunika n'komwe.

Masamu amenewa anayesa nawo anthu ndi katswiri wa zamaganizo Abraham Luchins ku America, zotsatira zake zinatuluka mu 1942. Amene sanayambe ndi masamu oyambirira aja amaiona njira yachidule nthawi yomweyo, koma amene anazolowera njira yaitali ambiri amangoikakamira, moti atawapatsa za 28, 76 ndi 3 kuti apeze 25, pomwe njira yakale ija sigwira, ena anakanikiratu chonsecho yankho ndi 28 kuchotsa 3 chabe.

Ife a ntchito yophunzitsa za kaganizidwe ka munthu timaikonda nkhaniyi chifukwa imaonetsa kuti chimene chimapha luso lopeka zatsopano nthawi zambiri si umbuli ayi. Ndi njira imene inakugwirirapo ntchito dzulo. Ubongo sufuna kuononga mphamvu pachabe, ukapeza chinthu chimene chinayenda umachisunga pafupi, ndipo vuto lofanana nalo likangobwera umachiponya patsogolo usanaganize n'komwe. Zili ngati kanjira kachidule kodutsa m'munda, anthu akakaponda kwambiri mwendo umangolowera komweko ngakhale kutsogoloko kutagwa mtengo. Pa zinthu zambiri izi ndi zabwino, tangoganizani mutamaganiza mwatsopano tsiku lililonse kamangidwe ka zingwe za nsapato. Vuto ndi lakuti mwini wakewe sudziwa kuti wamangika. Mu 2008 Merim Bilalić ndi anzake anatsatira maso a akatswiri a chess ndi makina, akatswiriwo amanena kuti akufunafuna njira ina yabwino kuposa yomwe aiona koyamba, koma maso awo amangobwerera m'mabokosi a pabolodi a njira yoyamba yomweyo. Munthu akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akuganiza momasuka, chikhalirecho akungozungulira pamodzimodzi.

Kumangika kwina kumakhala pa zinthu zomwe timagwira m'manja. Katswiri wa zamaganizo Karl Duncker wa ku Germany, mu ntchito yake imene inasindikizidwa m'Chingerezi mu 1945, amapatsa anthu kandulo, machesi ndi kabokosi kodzaza timisomali tokhomera mapepala, n'kuwauza kuti aimike kanduloyo pakhoma. Anthu amalimbana ndi kukhomera kandulo yeniyeniyo kukhoma, ena kuisungunula kuti imatirire. Yankho lake ndi kukhuthula timisomali tija, kukhomera kabokosiko kukhoma, kandulo n'kuiimika mmenemo. Chodabwitsa, ukawapatsa kabokosi kopanda kanthu timisomali tili pambali, ambiri amapeza yankho msanga. Kabokosi kakakhala kodzaza, mutu umati ichi ndi chosungiramo misomali basi, ndipo suonanso kuti ndi kathabwa koti pangakhale chinthu.

Kwathu kuno chitsanzo tili nacho, William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2002 ija, ali ndi zaka 14, anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki omwe anawaotcha n'kuwaphwatalalitsa, njinga yakutha ndi dayinamo, nsanja yake ya mitengo ya bulugamu. Wina aliyense amaona paipi ya madzi, iye anaona pulasitiki yoti ikafewa itha kukhala phiko. Ndipo musaiwale mbali inayi, mnyamatayo amawerenga mabuku a sayansi ku laibulale ya kwawoko. Ndimatopa nawo anthu onena kuti luso silifuna sukulu, kusinthasintha maganizo popanda chimene ukudziwa ndi kungoyendayenda, pamafunika katundu m'mutumo woti uzimutembenuza.

Ndiye chizolowezi choganiza momasuka munthu amachimanga bwanji? Choyamba chimene ndimauza ophunzira ndi chakuti yankho loyamba likabwera osalitaya, koma osanyamuka nalo. Lilembeni papepala, kenako dzikakamizeni kupeza lachiwiri ndi lachitatu losafanana nalo. Zimawawa, mutu umakana, umati nanga si tapeza kale. Mayi amene akufuna kuyamba geni maganizo oyamba amakhala tomato kapena kaunjika chifukwa ndi zimene aneba akugulitsa, ndiye mumsewu umodzi mabenchi a tomato khumi onse akulira kuti malonda sakuyenda. Atafunsa kaye kuti anthu a mdera lino amakwera minibasi kukagula chani ku tauni, mwina yankho lachitatulo ndi limene lili ndi ndalama.

China, zolowerani kufotokoza chinthu osatchula ntchito yake. Wofufuza za kaganizidwe Tony McCaffrey analemba za njirayi mu 2012: chigaweni chinthucho m'zidutswa, chidutswa chilichonse muchitchule ndi chimene chinapangidwira komanso maonekedwe ake. Kandulo si chounikira, ndi phula ndi kachingwe, ndipo ukangoti kachingwe waona kale kuti ungamangire kanthu. Ana amatiposa apa. Kafukufuku wa Tim German ndi Margaret Defeyter wa mu 2000 anapeza kuti ana a zaka 5 samangika ndi ntchito ya chinthu ngati mmene amachitira a zaka 6 ndi 7, n'chifukwa chake mwana akaona waya amaona galimoto, akaona majumbo amaona mpira, ife akulu tikuona zinyalala. Kenako timamutumiza ku sukulu komwe funso lililonse lili ndi yankho limodzi lolondola ndipo amene waloweza bwino ndi amene amakhoza, tikamadzadabwa kuti luso lija lapita kuti.

Pali kamasewera kena kochokera kwa katswiri wa zamaganizo J. P. Guilford koti mutha kuchita muli pa mzere ku banki: tchulani ntchito zonse za njerwa imodzi. Kumangira nyumba, mpanda, chimbudzi, zonsezo ndi gulu limodzi, musadzinamize kuti mwatchula zitatu. Pamene mwadumpha n'kufika pa fuwa, chotsekera chitseko, chopera n'kupanga utoto, chonolera khasu, pamenepo ndiye mutu wayamba kupindika. Chofunika ndi kuchuluka kwa magulu amene mwadumphira, osati kutalika kwa mndandanda.

Ndipo mukakanirira, dzukani muyende. Ku yunivesite ya Stanford mu 2014, Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz anapeza kuti anthu akamayenda amatulutsa maganizo atsopano ochuluka ndi pafupifupi 60 peresenti poyerekeza ndi atakhala pansi, ngakhale akuyenda pa makina ochitirapo masewera olimbitsa thupi m'chipinda atayang'ana khoma. Koma kuyendako sikunathandize pa mafunso ofuna yankho limodzi lenileni, ndiye bajeti ya pakhomo muwerengere mutakhala pampando, kuyenda kusiyireni nthawi imene mukufuna njira zina zopezera ndalamazo.

Chovuta kwambiri, makamaka kwa ife akuluakulu ndi mabwana, ndi kulola munthu wapansi kapena wa ntchito ina kuti aone vuto lathu. Amene wakhala pa ntchito zaka zambiri ndi amene wazolowera kwambiri masamu a zigubu aja, wobwera kumene sanamangike. Pa msonkhano wa ku ofesi kapena wa banki m'khonde, wapampando akayamba ndiye kunena maganizo ake onse amangoti eya ndi zomwezo. Yesani kuti aliyense alembe kaye lake payekha, wamng'ono ayambe kulankhula, wapampando alankhule pomaliza.