Lamulo lilipo, koma njinga yamoto ilibe mafuta

Mtsikana akagwiriridwa ku Makanjira, m'boma la Mangochi, usiku wa Lachisanu, ife a zachisamaliro cha anthu timayamba kuwerenga maola. Mankhwala a PEP, oteteza ku kachilombo ka HIV, ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Apolisi, akhoti ndi amfumu atha kulowererapo pambuyo pake, koma maolawo akadutsa, adutsa basi.

Malamulo tili nawo, abwino ndithu. La mu 2006 lothana ndi nkhanza za m'banja limalola mayi kupempha khoti kuti liletse mwamuna womuzunza kumuyandikira, ngakhale kumutulutsa m'nyumba. La mu 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa, ndipo mu 2017 aphungu anatseka kampata ka m'malamulo aakulu a dziko kamene kankalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana. Komabe kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18.

Nanga zimakanika pati? Lamulo siliyenda lokha, limafuna ndalama. Kuti mlandu umodzi ufike kumapeto, pafunika mafuta okatengera wochitiridwa nkhanzayo, malo oti agone ngati kwawo kuli koopsa, chakudya, ndi thiransipoti ya mboni tsiku lililonse limene khoti laitana. Zonsezi zimadalira kathumba koyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, kamene m'boma timati ORT. Kakaphwa, banja limauzidwa kuti lidzipezere ya kabaza. Mayi wogulitsa usipa ku Msaka, mwamuna ali ku Joni osatumiza kanthu, apita ulendo woyamba, mwina wachiwiri. Wachitatu amalume ati, "Tingokambirana pachibale." Mlandu wafera pomwepo, ndipo m'mabuku zioneka ngati wodandaula anasiya yekha.

Mabungwe akunja amathandiza, sindikutsutsa. Koma pulojekiti ya Spotlight, imene European Union ndi United Nations anayambitsa kuno mu 2019, inasankha maboma asanu ndi limodzi. Anzathu a ku Machinga analimo, Mangochi munalibe. Ndipo pulojekiti imakhala ndi tsiku lotsekera. Ine maganizo anga ndi akuti misonkhano ya masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi ndi atsikana, kuyambira pa 25 Novembala, imadya ndalama za matisheti zimene zikanayendetsa mboni zambiri.

Zikagwera wachibale wanu, thamangirani kuchipatala kaye, asasambe ngati nkotheka, ndipo zovala musachape. Kenaka pitani kupolisi, ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala za foni za 116 ndi 5600, zonenerapo nkhanza, ndi zaulere. Chaka cha bajeti chimayamba pa 1 Epulo, choncho khansala wanu akabwera ku msonkhano wa chitukuko miyezi ya dzinja, mufunseni kuti khonsolo yaika zingati zoyendetsera milandu ya nkhanza, osangoti za milatho zokha.