Deferred tax asset si ndalama zimene MRA idzabweze

Ogula masheya ambiri akaona mawu akuti deferred tax asset mu lipoti la kampani, amaganiza kuti MRA (bungwe lotolera msonkho ku Malawi) ili ndi ngongole ku kampaniyo. Ayi ndithu, ndipo zimandidetsa nkhawa anthu akamaziwerengera ngati ndalama za m'thumba.

Tinene kuti kampani yaluza K10 miliyoni chaka chino. Poti msonkho wa makampani ambiri ku Malawi ndi 30 peresenti, akauntanti amalemba K3 miliyoni kumbali ya chuma cha kampani ngati deferred tax asset, chifukwa kuluzako kudzachepetsa msonkho kampani ikadzayamba kupindula. Palibe cheke chimene chidzabwere. Phindu likapanda kuoneka, K3 miliyoniyo imathera papepala pomwepo. N'chifukwa chake lamulo la akauntanti lotchedwa IAS 12 limalola kuilemba pokhapokha pali chiyembekezo chenicheni chakuti phindu lokhomerapo msonkho lidzapezeka.