Si nsanja zonse za malinga a ku Japan zomwe ndi zakale

Zaka zikupita koma anthu akunenabe kuti linga lililonse la ku Japan lidamangidwa m'nthawi ya asamurai, ankhondo akale a dzikolo. Ayi ndithu. Nsanja zikuluzikulu zoyambirira zidatsala 12 zokha, monga ya Himeji ya 1609. Zambiri zidagwetsedwa pambuyo pa 1873, zina zidapsa ndi mabomba mu 1945. Zina zomwe zilipo lero zidachita kumangidwanso: ya mumzinda wa Osaka ndi yakonkire, ya 1931, mkati muli chikepe ndi zinthu zakale zoonetsa alendo.

Kuzindikira n'kosavuta. Ku Himeji mumavula nsapato, n'kukwera masitepe a matabwa otsetsereka ngati makwerero, mutagwira chogwirira. Werenganinso chikwangwani cha pakhomo, muone chaka cha nsanjayo, osati cha mipanda ya miyala, poti miyalayo imatha kukhala yakale nsanja ili yatsopano. Musanatumize chithunzi pa WhatsApp n'kulemba kuti "zaka 400", yambani mwafufuza chakacho.